Mapiri akamagumuka, dziko liyambire pati?

Funso: Ndimagwira ntchito mu ofesi ya boma yokonza mapulani, ndipo andiika mu komiti yolemba ndondomeko ya dziko yochepetsa ngozi za kugumuka kwa nthaka. Ndalama n'zochepa. Anzanga ena akufuna tigule zipangizo zoyezera kusuntha kwa mapiri, ena akuti tiitane akatswiri atijambulire mapu a dziko lonse, enanso akuti tingodzala mitengo basi. Kodi kafukufuku woyamba akhale uti, ndipo ndalama yoyamba ipite kuti?

Yankho: Anzanuwo aliyense ali ndi mfundo, koma onse ayambira pakati. Ine ndikanakhala mu komiti yanuyo, ndikanakakamira zinthu ziwiri zisanabwere zina zonse. Lamulo litchule ofesi imodzi imene ikhale mwini nkhani ya kugumuka kwa nthaka, ikhale ndi antchito okhazikika komanso ndalama zake chaka ndi chaka. Ndipo ntchito yoyamba ya ofesiyo ikhale kulemba kaundula wa malo onse amene anagumukapo. Mapu, zipangizo ndi mitengo zidzabwera pambuyo pake, ndipo zidzakudyerani ndalama zochepa chifukwa mudzakhala mukudziwa poziika.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kati mwa phirilo, chifukwa ndondomeko zambiri zimaphonya pomwepa. Dothi la pamtsetse limakhazikika chifukwa tizidutswa take timakanikizana n'kugwirana. Mvula ikalowa pansi n'kudzaza timipata ta pakati pa tizidutswato, madziwo amayamba kukankha kuchokera m'kati, dothi limalemera, kugwirana kuja n'kuchepa. Kawirikawiri madzi amaima pamene dothi lofewa lakumana ndi thanthwe kapena dongo losalowa madzi, ndipo pamenepo ndi pamene pamaterereka. N'chifukwa chake mvumbi wa masiku angapo, ukatsatiridwa ndi mvula yamphamvu ya ola limodzi, ndi woopsa kuposa mvula yomweyo itagwa pa nthaka youma. Chivomerezi nachonso chimagumula mapiri, monga ku Nepal mu 2015 kumene malo oposa 20,000 anagumuka, koma mdani wa chaka ndi chaka ndi madzi.

Komanso mapiri sagumuka mofanana. Pali napolo: dothi losazama, mwina mita imodzi kapena awiri, limanyamuka kumtunda, n'kugwera m'khwawa, n'kusakanikirana ndi madzi, miyala ndi mitengo, n'kutsika pa liwiro la galimoto. Ameneyu ndiye amapha anthu ambiri, ndipo sapereka mpata. Pali kugumuka kozama, kumene mbali yonse ya phiri imasuntha pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa chaka, kung'amba makoma a nyumba, kupinda misewu ndi mapaipi, mpaka tsiku lina n'kuthamanga. Palinso miyala yogubuduka kuchokera m'matanthwe. Chipangizo choyezera kusuntha chimathandiza pa kugumuka kozama, poti malo ake ndi odziwika. Pa napolo sichikuthandizani, chifukwa makwawa alipo mazanamazana ndipo simungadziwe limene linyamuke usiku uno. Choncho musanagule kanthu, dziwani kaye mtundu umene ukuvuta dziko lanu, ndipo chokuuzani zimenezo ndi kaundula.

Ndikhalitsa pang'ono pa Hong Kong, chifukwa ndi kumene ntchitoyi inagwiridwa mwadongosolo kuposa kwina kulikonse kumene ndikudziwa. Pa 18 June 1972, mitsetse iwiri inagumuka tsiku limodzi, ku Sau Mau Ping kumene anafa anthu 71, ndi ku Po Shan Road kumene nyumba yosanja inagwa ndipo anafa anthu 67. Mu 1976 ku Sau Mau Ping kunagumukanso, n'kupha anthu 18. Dothi limene linagumuka ku Sau Mau Ping silinali la chilengedwe. Linali lothiridwa ndi anthu pomanga, popanda kulitsendera bwino. Chaka chotsatira, mu 1977, boma linatsegula ofesi yapadera ya mainjiniya a nthaka, imene lero ikutchedwa Geotechnical Engineering Office. Ntchito yawo yoyamba sinali yosangalatsa m'maso ayi. Anayenda kuwerenga mitsetse yonse yodulidwa kapena kuthiridwa ndi anthu, pamodzi ndi zipupa zotchinga dothi, n'kupatsa chilichonse nambala yake. Lero kaundulayo ali ndi mitsetse pafupifupi 60,000.

Mukayenda m'misewu ya kumeneko mumaona kachikwangwani kachitsulo pamtsetse, kali ndi nambala ya mtsetsewo. Nambala imeneyo imaloza mwini wake: dipatimenti yakuti ya boma, kapena mwini puloti. Mtsetse ukaoneka woopsa, boma lili ndi mphamvu yolamula mwini wake kuti aufufuze ndi kuukonza. Mapulani a zomanga zatsopano pamtsetse amadutsa kaye m'manja mwa mainjiniya a ofesiyo. Chaka chilichonse amasankha mitsetse yoopsa kwambiri n'kuilimbitsa, kuyambira pamene pali anthu ambiri, monga masukulu, zipatala ndi nyumba zogona. Pofika 2010, malinga ndi kuwerengera kwawo, chiopsezo cha mitsetse yopangidwa ndi anthu chinali chitatsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mmene chinalili mu 1977, ndipo kuyambira chaka chimenecho anayamba kulimbananso ndi mapiri achilengedwe. Mwina munganene kuti Hong Kong ndi yolemera, ndipo n'zoona. Koma kulemba manambala ndi kutchula mwini mtsetse sikunali kodula. Zodula zinabwera pambuyo, ndipo zinapita pamalo oyenera chifukwa cha zotsika mtengozo.

Nkhani ya umwini imeneyi musaipeputse. M'mayiko ambiri kugumuka kwa nthaka kulibe mwini. A za miyala amadziwa nthaka koma alibe mphamvu yoletsa munthu kumanga. Azanyengo amadziwa mvula koma sadziwa phiri. A zamisewu amakokolola dothi likatseka msewu, n'kumapita osalemba kanthu. Makhonsolo amagawa mapuloti. A ngozi zogwa mwadzidzidzi amafika maliro atachitika kale. Aliyense amagwira ntchito yake bwinobwino, koma palibe amene amadzafunsidwa kuti munali kuti. Norway inapereka udindowu mu 2009 ku nthambi yoona za madzi ndi mphamvu za magetsi ya NVE. Ku Sri Lanka unaperekedwa ku bungwe lofufuza za zomangamanga la NBRO, pamene ku India uli ndi nthambi yofufuza za miyala. Mukuona kuti sanasankhe ofesi yofanana. Komiti yanu isathe miyezi ikukangana kuti unduna woyenera ndi uti. Chofunika n'chakuti utchulidwe m'lamulo, ndipo maofesi enawo alamulidwe kupereka zimene ali nazo, makamaka ziwerengero za mvula, mosalipiritsa komanso mosachedwa.

Tsono kaundulayo. Phiri limakonda kugumuka pamene linagumukapo kale, kapena pamalo ofanana napo m'katsetserekedwe, mtundu wa mwala ndi kayendedwe ka madzi. Kaundula ndiye maziko a mapu alionse ndi chenjezo lililonse. Italy ili ndi kaundula wa dziko lonse wotchedwa IFFI, wokhala ndi malo ogumuka oposa 600,000, ndipo anamusonkhanitsa kuchokera m'zigawo pang'onopang'ono. Inu muyambe ndi zimene zilipo kale: zithunzi zakale zojambulidwa pa ndege, mabuku a ofesi za misewu ndi njanji, nyuzipepala zakale, zithunzi za setilaiti za mvula isanagwe ndi itagwa, komanso akuluakulu a m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri, amene amakumbukira khwawa limene linasefukira miyala iwo ali ana.

Koma gawo lofunika kwambiri ndi la zogumuka zatsopano. Mvula ikangotha, pasanathe masiku ambiri, munthu afike pamalopo, mathirakitala asanasalaze ndiponso udzu usanamere. Ayeze kutalika, kutambalala ndi kuzama kwa chilonda cha phiricho. Ayang'ane pakhoma la pamene dothi lachoka: kodi pakutuluka madzi? Kodi pansi pake pali thanthwe losalala kapena dongo? Kodi kumtunda kwake kuli msewu umene ngalande yake imathira madzi pomwepo, kapena paipi yophulika? Atsike kutsatira matope mpaka pamene anathera, aone chizindikiro cha matope pa makoma ndi pa mitengo kuti adziwe mmene anakwerera. Ndipo afunse mayi amene anamva mkokomo kuti inali nthawi yanji. Funso limeneli ambiri amaliiwala, komatu popanda tsiku ndi ola simungathe kulumikiza kugumukako ndi mvula imene inakuyambitsa. Alembenso zing'onozing'ono zimene sizinaphe munthu. Melanie Froude ndi David Petley a ku yunivesite ya Sheffield anawerenga kugumuka 4,862 kopha anthu padziko lonse kuyambira 2004 mpaka 2016, kosayambitsidwa ndi chivomerezi, kumene kunapha anthu pafupifupi 56,000. Kumeneko ndi kokha kumene kunamveka chifukwa cha maliro. Kosapha munthu n'kochuluka kwambiri, ndipo ndi kumene kumakuphunzitsani mwaulere.

Tifike pa mapu, pamene ndalama zambiri zimakonda kumira. Mapu a dziko lonse a mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira amakongola pakhoma la ofesi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri amapangidwa pa kompyuta posanjikiza katsetserekedwe, mtundu wa mwala ndi mvula, popanda kaundula woti ayesedwe naye, ndipo amangokuuzani kuti mapiri ndi otsetsereka. Ngakhale opangidwa bwino, mapu a dziko lonse ntchito yake ndi imodzi yokha, kukuuzani maboma ndi mizinda yoyambira. Sanganene kanthu za nyumba imodzi. Mapu othandiza khonsolo pogawa mapuloti ndi a pafupi, monga a 1:10,000 kapena 1:5,000, ndipo amafuna kuyenda pansi.

Chinanso, mapu ambiri amaonetsa pamene dothi lingachokere, osati pamene lingakafike. Komatu anthu ambiri safera pamtsetse, amafera m'munsi, pamalo athyathyathya a pakamwa pa khwawa, amene amaoneka abwino kumangapo chifukwa anapangidwa ndi anapolo akale. Ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, pa 14 August 2017, phiri la Sugar Loaf linagumuka m'mawa, matope ndi miyala zinatsika chigwa makilomita angapo mpaka kunyanja, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ku Oso, m'chigawo cha Washington ku America, pa 22 March 2014, phiri limene linali litagumukapo mu 2006 komanso zaka za m'mbuyo linanyamuka, linaoloka mtsinje, n'kukwirira nyumba za kutsidya ndi msewu waukulu, kupha anthu 43. Kuti phirilo limasuntha, zinali zodziwika. Chimene sichinayembekezeredwe ndi mtunda umene dothilo linayenda. Ngati mukufuna mutu wa kafukufuku wopatsa yunivesite, ndi umenewu: napolo wa m'dziko lanu amayenda mtunda wotani, poyerekeza ndi kukula kwake ndi kutalika kwa pamene wachokera? Luso la lidar, lojambula nthaka ndi kuwala kuchokera pa ndege, limathandiza kwambiri pano chifukwa limaona pansi pa mitengo n'kuonetsa zilonda zakale zimene maso saona. N'lodula, choncho ligulireni mizinda ndi misewu ikuluikulu yokha.

Mapu akakhala opanda lamulo kumbuyo kwake amangokhala pepala. Tauni ya Armero ku Colombia inali pa mapu a malo oopsa amene anatuluka milungu yochepa phiri la Nevado del Ruiz lisanaphulike pa 13 November 1985. Matope ochokera kuphiriko anatenga maola oposa awiri kuti afike, koma anthu oposa 20,000 anafera m'tauniyo osasamutsidwa. Japan inakhazikitsa lamulo mu 2000, pambuyo pa ngozi ya ku Hiroshima ya mu 1999, logawa malo kukhala achikasu, kumene payenera kukhala dongosolo la chenjezo ndi kuthawa, ndi ofiira, kumene kumanga kumaletsedwa kapena kumafuna nyumba zolimbitsidwa. Koma kulengeza malowo kunkachedwa, mwa zina chifukwa eni malo ankaopa kuti mitengo ya mapuloti awo itsika. Pa 20 August 2014 Hiroshima inagumukanso usiku, anthu oposa 70 n'kufa, ndipo malo ambiri okhudzidwa anali asanalengezedwe. Chaka chomwecho lamulo linasinthidwa kuti zotsatira za kafukufuku zizitulutsidwa poyera. Mfundo imeneyi ilembeni m'ndondomeko yanu kuyambira pachiyambi, kuti mapu ndi a anthu onse ndipo palibe bwana wololedwa kuwatsekera m'kabati. Sri Lanka inachita chinthu chosavuta mu 2011: m'maboma oopsa, wofuna kumanga ayenera kukhala ndi chikalata cha NBRO khonsolo isanavomereze pulani yake.

Za chenjezo, chipangizo chimene ndingakulimbikitseni kugula mochuluka ndi choyezera mvula. Mu 1980 katswiri wina, Nel Caine, anaonetsa kuti mukaika pamodzi mphamvu ya mvula ndi kutalika kwa nthawi imene yagwa, pamaoneka malire amene dothi losazama limayamba kugumuka akadutsidwa. Kuyambira pamenepo mayiko akhala akupeza malire awoawo. Ku Sri Lanka, mamilimita 75 pa maola 24 ndi chizindikiro chokhala tcheru, 100 ndi chokonzekera kuthawa, 150 ndi chothawa, ndipo midzi ina ili ndi zoyezera zapamanja kuti anthu aziwerenga okha. Manambala amenewa musawakopere. Dothi lanu ndi mvula yanu n'zosiyana, ndipo malire anu adzatuluka mu kaundula uja wokhala ndi tsiku ndi ola. Zaka zoyambirira chenjezo lanu lidzalakwa kangapo. Malire mukawatsitsa kwambiri, anthu adzatopa ndi kuthawa pachabe n'kusiya kumvera. Mukawakweza kwambiri, chenjezo lidzafika matope atafika kale. Auzeni anthu zoona zake, kuti chenjezo limanena za dera lonse, osati za phiri limodzi.

Ndipo chenjezo silithera pa kompyuta ya azanyengo. Brazil inatsegula likulu loyang'anira ngozi la Cemaden mu 2011, anthu oposa 900 atafa m'mapiri a m'chigawo cha Rio de Janeiro mu January chaka chimenecho, ndipo inaika zoyezera mvula zambirimbiri. Komabe pa 15 February 2022, mvula yoposa mamilimita 200 itagwa m'maola ochepa ku Petrópolis, anthu oposa 230 anafa. Pakati pa munthu amene waona nambala ndi banja limene lagona m'nyumba ya m'khwawa pali mtunda wautali. Ndani ali ndi mphamvu yolamula kuti anthu athawe, ndipo kodi foni yake imayankhidwa pakati pa usiku? Magetsi ndi netiweki zikathima, uthenga uyenda bwanji? Anthu athawira kuti, adutsa njira iti, ndipo kodi njirayo siidutsa khwawa lomwelo? Okalamba ndi olumala anyamulidwa ndi ndani? Wolondera katundu wotsala ndi ndani, poti ambiri amakana kuchoka poopa akuba? Mafunso amenewa nawonso ndi kafukufuku, ndipo amafuna akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, osati mainjiniya okha. Anthu aphunzitsidwenso zizindikiro zimene amaona okha: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, zitseko zokanika kutseka, mitengo ndi mapolo opendekeka, kasupe wotuluka pamalo pachilendo, madzi a mumtsinje oda mwadzidzidzi kapena ophwa mvula ikugwa, chimene chimasonyeza kuti kumtunda kwatsekeka.

Zipangizo za anzanu aja zili ndi malo ake, koma ndi ochepa. Ku Blatten, m'dziko la Switzerland, akatswiri anaona phiri likusuntha, anthu pafupifupi 300 anasamutsidwa pamodzi ndi ziweto zawo, ndipo pa 28 May 2025 miyala ndi madzi oundana zinakwirira pafupifupi mudzi wonse. Anafa munthu mmodzi. Izi zinatheka chifukwa phirilo linali lodziwika, panali anthu oyang'ana manambala usana ndi usiku, ndipo olamula anamveredwa. Sankhani mapiri ochepa otere, amene akusuntha pamwamba pa mudzi, damu kapena msewu wofunika, ndipo musagule chipangizo chimene mulibe munthu wochikonza ndi ndalama ya mabatire ake. Pamng'alu wamba, zikhomo ziwiri ndi tepi yoyezera, zowerengedwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wa pomwepo, zimanena zambiri. Zithunzi za radar za setilaiti ya Sentinel-1 ndi zaulere, ndipo luso la InSAR, loyerekeza zithunzi zoterezi za masiku osiyana, limatha kuona nthaka ikusuntha mamilimita ochepa, ngakhale limavutika m'nkhalango zowirira komanso pa zogumuka zothamanga. Apa chogula si makina, koma maphunziro a achinyamata awiri kapena atatu.

Mitengo. Ndi yabwino, dzalani, koma musailonjeze zimene singachite. Mizu yambiri imagwira dothi la pamwamba, mita imodzi kapena awiri, choncho imachepetsa kugumuka kosazama. Kugumuka kozama kumanyamula nkhalango yonse mitengo ili chiimire. Komanso mitengo ikadulidwa, mizu yake siwola tsiku lomwelo, ndiye ngozi imakula patatha zaka zingapo, pamene mizu yakale yawola ndipo yatsopano isanakhwime. Kusunga nkhalango imene ilipo kumaposa kudzala yatsopano. Moto nawo ndi woopsa. Ku Montecito, ku California, mu January 2018, mvula yamphamvu ya mphindi zochepa inagwa pa mapiri amene anali atangopsa, ndipo napolo anapha anthu 23.

Chimene palibe mnzanu amene watchula, ndipo ndi chimene ndimachikhulupirira kwambiri m'madera osauka a m'mapiri, ndi ngalande. Pa chilumba cha Saint Lucia, ntchito yotchedwa MoSSaiC, imene anayambitsa Malcolm Anderson ndi Elizabeth Holcombe, inayamba ndi kuyenda ndi eni mudzi khomo ndi khomo, kufunsa kumene madzi amadutsa mvula ikagwa. Anapeza kuti madzi a padenga, ochapira ndi osambira, onse ankalowa m'dothi la pamtsetse. Anamanga ngalande zosavuta zodula mtsetsewo, anaika magata pa madenga, ndipo omanga anali anthu a m'mudzi momwemo. Namondwe wa Tomas atafika mu 2010, malo amene anakonzedwa chotere anapirira. Kuchotsa madzi n'kotsika mtengo kuposa kumanga chipupa, ndipo chipupa chopanda mabowo otulutsira madzi chimasanduka damu loyembekezera kugwa. Vuto la ngalande ndi limodzi: imafuna kukokolola chaka chilichonse mvula isanayambe, ndipo ndalama yokokolola ndi imene imayamba kudulidwa mu bajeti. Ngalande yotsekeka kapena yosweka imasonkhanitsa madzi n'kuwathira pamalo amodzi, kuipitsa zinthu kuposa pamene panalibe ngalande.

Zimenezi zikutifikitsa pa zogumuka zimene timapanga tokha, ndipo boma limakhala nazo mbali. Ku Aberfan, ku Wales, pa 21 October 1966, mulu wa zotsalira za mgodi wa malasha, umene unaunjikidwa pamwamba pa akasupe, unatsika n'kukwirira sukulu, ndipo mwa anthu 144 amene anafa, 116 anali ana. Ku Vajont, ku Italy, mu 1963, mbali ya phiri inagwera m'damu, funde lake n'kupha anthu pafupifupi 2,000. Ku Atami, ku Japan, mu 2021, napolo anayambira pa dothi lotayidwa kumtunda kwa chigwa, ndipo dzikolo linakhwimitsa lamulo la kathiridwe ka dothi. Ndondomeko yanu ikhale ndi mutu wa misewu, migodi ndi makwale: mtsetse udulidwe motani, madzi a mumsewu athiridwe kuti, dothi lotsala litayidwe kuti. Kontirakitala amene amangokankhira dothi kunsi kwa msewu akukonzera ngozi anthu a m'munsi. Kusintha mawu a m'makontirakiti a boma sikufuna ndalama zambiri, koma kumafuna woyendera amene sagulidwa.

Kusamutsa anthu kusiyeni kukhale komaliza, ndipo mukakulemba, mukulembe moona mtima. Pa 1 March 2010 ku Bududa, m'mbali mwa phiri la Elgon ku Uganda, anthu oposa 300 anafa. Boma linasamutsira mabanja mazanamazana ku Kiryandongo, kutali kwambiri, koma ena anabwerera, chifukwa nthaka ya m'phiri ndi yachonde ndipo abale awo ali komweko. Mu 2018 Bududa inaliranso. Munthu sakhala pamalo oopsa chifukwa cha umbuli. Amakhalapo chifukwa munda uli pomwepo, kapena ntchito ili pafupi, kapena ndi pokhapo pamene angakwanitse. Kumusuntha mamita mazana ochepa, kumuchotsa pakamwa pa khwawa koma munda wake n'kumaufikabe, kawirikawiri kumagwira kuposa kumupititsa boma lina. Ndipo malo osiyidwawo apatsidwe ntchito ina msanga, apo ayi adzamangapo ena.

Pa ndalama, chenjerani ndi ndondomeko yokongola yopanda mzere mu bajeti. Ku America, nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi nthaka ya USGS inalemba ndondomeko ya dziko ya nkhani imeneyi mu 2000, koma lamulo lokhazikitsa pulogalamu yonse linasainidwa mu January 2021, ngozi ya ku Oso itadutsa pakati. Ngati dziko lolemera linachedwa chotero, inu yembekezerani kuti chidwi cha andale chidzakhala cha miyezi yochepa maliro akachitika, ndipo lamulo lanu likhale lolembedwa kale podikira nthawi imeneyo. Ndalama za mabungwe akunja zigule zinthu zogula kamodzi, monga lidar ndi maphunziro. Malipiro a antchito, mafuta a galimoto yopita kukayeza, ndi kukonza zoyezera mvula zichokere m'thumba la boma, chifukwa pulojekiti ikatha pakatha zaka zitatu, kaundula amafa nayo. Katswiri aliyense wakunja asainire kuti adzasiya ziwerengero zonse zimene wasonkhanitsa, osati lipoti lokha, ndipo agwire ntchito ndi munthu wanu pambali pake.

Potsiriza, aphungu adzakufunsani kuti ndalamazo zapindula chiyani. Musadzayankhe ndi chiwerengero cha omwalira, chifukwa zaka zisanu zopanda maliro zingangotanthauza kuti mvula yaikulu sinagwe, ndipo chaka chimodzi choipa chingaphimbe ntchito yabwino. Lembani m'ndondomeko zinthu zowerengeka chaka chilichonse: malo angati alowa mu kaundula ali ndi tsiku ndi ola, masukulu ndi zipatala zingati za m'tsinde mwa mapiri zayenderedwa, makhonsolo angati akana pulani chifukwa cha mapu, zoyezera mvula zingati zinali kugwira ntchito pa tsiku la mvula yaikulu kwambiri, ndi midzi ingati yayeserera kuthawa usiku, osati masana okha.